Anamvula ndi mabokosi opanda kanthu

Dzina lakuti Anamvula adawapatsa ndi alamu awo mongoseka, koma lidawamatirira mpaka ukulu. Kwa zaka makumi awiri ndi chimodzi, m'mawa uliwonse ikamakwana seveni, mayiwa ankatsegula kageti ka kuseri kwa ofesi ya zanyengo, n'kuthira madzi a mvula m'kabotolo ka mizere, n'kulemba nambala m'buku. Ana awo anayi adakula akudziwa kuti mvula ikayamba, amayi sathamangira zovala za pachingwe, amayamba ayang'ana kaye wotchi.

Kenaka kudabwera makina oyeza okha mvula, ndipo Anamvula adapatsidwa kalata yowathokoza. Adakhala pakhomo miyezi isanu ndi iwiri, manja akuyabwa, mpaka mwana wawo wachisamba, yemwe ndi mphunzitsi, adawalembera kalata yofunsira ntchito ku kampani yosonkhanitsa ndi kusanthula manambala.

"Amama," adatero mwanayo atamva kuti aitanidwa, "musakanenetu kuti kompyuta mumaiopa."

"Ndinaiopa liti ine? Ndimangoipatsa ulemu."

Tsiku la mafunso adapeza benchi itadzaza ndi achinyamata a masuti onunkhira sitolo. Mtsikana wina adawasendera malo.

"Mwaperekeza ndani, mayi?"

"Ndadziperekeza ndekha, mwanawe."

M'chipinda cha mafunso mudali anthu awiri: bwana wamkazi wa magalasi, msinkhu wa mwana wawo wachiwiri, ndi bambo wina wa tayi yofiira. Adayamba ndi kuwayesa kutaipa pakompyuta. Apa ndiye padavuta. Anamvula ankajompha ndi zala ziwiri ngati nkhuku yotola mapira, thukuta lili kamukamu, bambo wa tayi uja akungosuzumira pawotchi yake. Mumtima adavomera kuti ntchito yapita.

Pomaliza adawaonetsa ndandanda wa anthu okwera mabasi tsiku ndi tsiku. Mabokosi ena olembamo manambala adali opanda kanthu.

"Awa mungatani nawo?" adafunsa wa tayi. "Ambiri amangoikamo ziro."

Anamvula adawongola msana.

"Pepani bambo, ziro ndi nambala. Ziro ndiye kuti ndinapita, ndinasuzumira, ndinapeza kabotolo kali kouma. Popanda kanthu ndiye kuti sikunapite munthu. M'mabuku anga onse muli bokosi limodzi lokha lotero. Tsiku limenelo ndinali kuchipatala, ndikuchira mwana wanga womaliza. Mvula yake inakokolola mlatho. Ndikanaikapo ziro, bwenzi bukulo likunamiza anthu mpaka lero kuti kunali ng'amba."

Bwana uja adavula magalasi. "Ndiye inu mungatani?"

"Ndingafunse amene anayenera kuwerenga tsikulo. Akakhala kuti sakudziwa, ndisiya choncho n'kulemba chifukwa pambali. Komanso onani, mabokosiwa akugwera Lachitatu lokhalokha. Alipo wina amene amajomba Lachitatu."

Awiriwo adaweramira pakompyuta, n'kuyang'anana. Wa tayi adaseka mpaka kutsokomola.

Foni idalira patatha sabata, Anamvula akusita mayunifolomu a adzukulu. Adali bwana yemwe uja.

"Mayi, kutaipa kwanu n'komvetsa chisoni, sindikubisirani. Koma a zala zothamanga tili nawo ambiri. Tikufuna woona ntchito yawo isanatuluke. Muyambe Lolemba."

Amuna a Anamvula, telala wa pakhonde, adawasokera siketi ziwiri sabata yomweyo, ndipo aliyense wobwera kudzayezetsa thalauza ankachoka atamva nkhani yonse kawiri.

Tsopano papita zaka zitatu. Anamvula amakhala pa desiki ya pakona, m'chipinda cha achinyamata khumi ndi awiri, ndipo palibe ndandanda wotuluka iwo asadauyang'ane. Zala zotaipira zidawonjezekera, zafika zinayi. Akaweruka, anzawo amavula ziphaso za kuntchito n'kuziponya m'zikwama, koma iwo chawo amakwera nacho basi chili pakhosi, chithunzi chitayang'ana kunja.