Bambo Anga ndi Botolo la Thendo

Kwathu ku Mitundu, m'nyumba ya bambo anga a Bester, munali lamulo limodzi losafuna kubwereza: ndiwo n'zoperekezera nsima basi. Ukangotapa nkhwani popanda mbamu m'manja, khofi linkagwera pa dzanja lako usanafikitse kukamwa. "Nkhuli imeneyo ukachitire kwa amuna ako," ankatero. Ine Thokozani, mwana wawo woyamba, ndinamenyedwa kuposa abale anga onse chifukwa ndinkakonda msuzi. Mpaka lero, ngakhale ndine mphunzitsi ku Nathenje komanso mayi wa ana atatu, ndikafuna kutapa ndiwo kawiri ndimayamba ndayang'ana uku ndi uku.

Bambo anali munthu wa fodya. Zaka makumi atatu ali m'chigafa, kusoka, kusankha, kudinda mabelo, ndipo ankadya ngati munthu amene wagwiradi ntchito: mitanda inayi masana, inayi madzulo. Koma chakudza sichiyimba ng'oma. Linayamba ludzu losatha, kenako kuwonda, kenako kabala ka chiputu pa chala cha kuphazi kanakana kupola. Kuchipatala anati ndi matenda a shuga. Chalacho anachidula.

Chaka chatha bala lina linatuluka pa phazi lomwelo. Adokotala sanapite m'mbali. Anati shuga akapanda kutsika bala silipola, ndipo ulendo uno adula pansi pa bondo. Bambo, munthu wodalira khasu, anangoyang'ana phazi lawo.

Nzeru za pafoni ndinabwera nazo ndine. Mphunzitsi mnzanga anandionetsa kadyedwe komwe amati kito: osadya nsima, mpunga, mbatata kapena buledi, koma masamba, mazira, nsomba ndi zamafuta. Ndinakafunsa a Zipora, namwino amene amatsuka bala la bambo. Anati yesani, koma mankhwala asasiye, ndipo muzibwera nawo sabata iliyonse tiziwayeza.

Mayi anga a Felesiya atamva anaika lichero pansi. "Ukuti bambo ako azidya ndiwo zokhazokha? Ukawauze wekha. Ine ukwati wanga ndikuufunabe."

Ndinawauza. Anaseka kuseka kowawa. "Ndakalamba chonchi kuti ndidzasanduke wankhuli?" Koma m'mawa mwake nsima sanaikhudze.

Masabata oyamba anali otopetsa aliyense. Ankamaliza mbale ya mpiru ndi mazira awiri, n'kusamba m'manja, n'kuuza alendo kuti lero sanadye. Masamba ankawakakamira pakhosi. Dzanja lawo lamanja linkaumbabe mbamu m'malere lisanafike m'mbale, ndipo ine ndikaona zimenezo ndinkatuluka panja.

Anapulumutsa zinthu ndi mayi. Anati chakudya chouma sichitsika, pafunika chotsitsira. Anayamba ndi thendo: nsinjiro zosinja kawiri, tomato mmodzi, kambuzi pang'ono, kuphika mpaka mafuta ayandame pamwamba. Kenako mapeyala okanya ndi mandimu ndi mchere. Kenako usipa wokazinga, wosinja kukhala ufa, wothira mu msuzi wa anyezi. Wa mapeyala bambo ankati n'chakudya cha makanda. Wa usipa ankadya mwaulemu chabe. Koma thendo ankalinyambita mpaka m'zala akaganiza kuti palibe akuwaona. Mayi ankasinja tsiku lililonse, msana ukuwawa, akung'ung'udza kuti anakwatiwa ndi mlimi koma tsopano akulera bwana.

Ine, pofuna kuwapeputsa, komanso, ndisaname, pofuna kuonetsa kuti mwana anapita kusukulu, ndinabwera ndi mabotolo a m'sitolo: mayonezi, tsabola, ndi botolo lalikulu la msuzi wofiira wa tomato. Mayonezi bambo ananunkhiza n'kukankha. Wofiirayo anagwa naye m'chikondi. Ankathira pa kabichi, pa mazira, ngakhale pa therere. Sabata isanathe botolo linali mbee, ndipo nkhope yawo inawala koyamba m'miyezi iwiri.

Titapita kokayeza, a Zipora anayang'ana kamakina koyezera shuga, n'kuyang'ana ine. "Adya chiyani?" Ndinatulutsa botolo monyadira. Analitembenuza n'kundilozera tizilembo ta kumbuyo. Pambuyo pa tomato panalembedwa shuga. Ine mphunzitsi, wokalipira ana tsiku ndi tsiku kuti aziwerenga funso lonse, sindinawerenge. Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo. Bala lomwe linayamba kuuma linali litanyowanso, ndipo manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sanandichokebe.

Mayi sanandinyoze. Anatsuka botololo ndi madzi otentha, n'kuthiramo thendo lawo. "Botolo lokha ndi labwino," anatero.

Tinkaganiza kuti tapambana, koma shuga ankangokwera n'kutsika popanda chifukwa chooneka. Anazindikira ndi mayi: ankakwera bambo akachokera kumaliro. Kwathu maliro sasowa, ndipo bambo saphonya ngakhale amodzi. Kumeneko amuna amakhala m'magulu, mbale imodzi ya nsima, ina ya ndiwo. Munthu wamkulu angatape bwanji ndiwo zokha pamaso pa anzake, ndiwo zake zochepa kale? Angakane bwanji chakudya cha pamaliro ngati wakwiya ndi anamfedwa? Choncho ankadya mitanda iwiri, n'kubwera kunyumba osanena kanthu.

Tsiku limene ndinamva zimenezi ndinawakalipira bambo, ndipo sindinasankhe mawu. Ndinati ngati akufuna kudulidwa mwendo chifukwa choopa kusekedwa, anene, tisiye kuvutika. "Iwe sudziwa," anatero. "Ndinkakumenyani chifukwa chodya ndiwo zokha. Mudzi wonse ukudziwa mmene ndinalerera ana anga." Ndinali nditatopa, iwo atatopa, mayi atatopa kuposa tonse.

Mwezi wa Juni kunagwa maliro a msuweni wawo cha ku Malingunde. Kunali kutatsala masiku khumi kuti adokotala aonenso bala n'kugamula za mwendo. Mayi anawiritsa mazira atatu, n'kudzaza botolo lija ndi thendo, n'kuika zonse m'thumba la jekete ya bambo. "Abambo a Thoko," anatero, "mukadya nsima kumeneko, ndodo yoyendera mukasemeretu pobwera." Ine ndinawaperekeza, ndipo nthawi ya chakudya ndinakhala kwa azimayi, poti ndiziwaona bwino.

Mbale zitafika, bambo anasamba m'manja pamodzi ndi anzawo asanu. Anazengereza. Kenako anatulutsa botolo ndi mazira n'kuika pakati, pakuti kwathu munthu sadya za m'thumba yekha anzake akuyang'ana.

A Chipulumutso, mlamu wawo wa pakamwa posatseka, anakuwa kuti aliyense amve. "Taonani kuno! A Bester ayamba kuyenda ndi ndiwo m'thumba! Alamu, si inu munkathyola ana zala chifukwa cha nkhuli?"

Gulu lonse linaseka. Bambo anaseka nawo pang'ono. "Ndi ine ndithu," anayankha. "Lawani."

Analawadi. Botolo linayenda dzanja ndi dzanja, aliyense akuthira pambali pa nsima yake, akuyamikira kuti a Felesiya ndi odala manja. Mazira anagawana. Pofika kwa mwini wake, m'botolo munatsala kununkhira kokha. A Chipulumutso anakankhira mbale ya nsima kwa iwo. "Idyani alamu, kamodzi sikapha."

Ndinaona dzanja la bambo likunyamuka, zala zitapindika kale. Linaima pamwamba pa mtanda. Kenako linabwerera n'kukagwira bondo. Anakhala choncho mpaka anzawo anamaliza, akucheza nawo za mitengo ya fodya, ndipo madzi atabwera anasambanso m'manja ngati munthu amene wadya.

Pobwerera tinakwera minibasi. Milomo yawo inali itauma, njala itawafooketsa, moti ndinachita mantha n'kuwagulira mtedza wokazinga panjira. Titafika anapereka botolo lopanda kanthu kwa mayi.

"Mwadya?" anafunsa mayi.

"Adya a Chipulumutso ndi anzawo."

"Nanga nsima?"

"Ndaionerera."

Mayi anapita kukatenga mtondo. "Maliro enawo muzitenga mabotolo awiri," anatero ali kukhitchini. "Thoko, kusitolo kwako kuja ukagule lina. Zam'katizo ukatayire kudzala."

Dzuwa lisanalowe anabweretsa mbale ya nkhwani yothira thendo lotentha. Bambo anakhala pakhonde, phazi lomanga bandeji atalisanjika pa mpando. Masiku khumi anali akadalipo, ndipo palibe aliyense wa ife ankadziwa chimene adokotala adzanene. Ndinakhala pambali pawo. Nanenso ndinali ndi njala, ndipo mosaganiza ndinatambasula dzanja n'kutapa nkhwani m'mbale mwawo, wopanda mbamu, wopanda chilichonse.

Dzanja lawo linanyamuka msangamsanga monga kale, ndipo ine, mayi wa ana atatu, ndinabweza langa. Anayang'ana chikhatho chawo ngati cha munthu wina. Kenako anachitsitsa, n'kukankhira mbale pakati pathu.

"Tapa kwambiri," anatero. "Mbali iyi ndiye kuli msuzi."