Matebulo a M'holo Yolembera Mayeso

Ntchito yanga pa yunivesite ina ku Birmingham ndi kufufuza masamu a kapindidwe ka zinthu zopyapyala: momwe chipangizo chachikulu chingapindidwire kuti chikwane pamalo ochepa, n'kudzatambasuka osathyoka. Ofufuza zoterezi timakumana pakapita zaka zingapo ndi aphunzitsi komanso akatswiri a origami, luso lopinda mapepala. Chaka chimenecho mizinda itatu ndiyo inatsala pa mpikisano wolandira msonkhanowo, wathu uli pomwepo. Kalata yopempha mwayiwo ndinalemba ndine, choncho tikanalephera, manyazi akanakhala anga.

M'kalatamo tinanyadira holo yathu yaikulu, ya mipando yokwera ngati masitepe. Komiti yosankha inati itumiza anthu awiri kudzaiona.

Kutatsala mlungu umodzi kuti afike, ndinali ku Tipton Loweruka kuthandiza kukonza holo ya chinkhoswe. Wapampando wa zokonzekerazo anali mayi wina wa kutchalitchi kwathu, namwino ku Nuneaton. Titamaliza kuyala nsalu, ndinawaona akukhala pa mpando uliwonse, mzere ndi mzere, kuyang'ana kutsogolo, kenaka n'kusuntha. Ndinawafunsa ngati atopa. Anandiseka, nati vuto la anthu ophunzirafe ndi loti timakonza malo titaimirira.

"Mwana wanga, mlendo sadandaula," anatero. "Amangopita nazo kwawo."

Lolemba ndinalowa m'holo yathu ija ndi pepala limodzi, n'kukhala pakati pa mzere. Kathabwa kolemberapo kanali kopendekeka, kosaposa buku kukula kwake. Pepala linatsetsereka kawiri. Chigongono chinasowa pokhala, ndipo mphunzitsi wofuna kuwongola dzanja la wophunzira sakanatha kufika pamene ndinali. Miyezi yonseyo tinkakonzekera anthu odzamvetsera, pomwe alendo athu anali odzapinda.

Ndinapempha anzanga kuti msonkhano tiusamutsire m'holo yolembera mayeso, ya makoma opanda chokongoletsa koma ya matebulo osalala ndi mawindo aakulu. Apulofesa otitsogolera anakana. Anati sitingaitane dziko lonse kuti lidzakhale ngati ana olemba mayeso. Sindinatsutsane nawo. Ndinawapatsa pepala, n'kuwapempha kuti tipite kuholo yaikuluyo akandipindire kabokosi. Anayesa, pepalalo linagwera kunsi kwa mpando wakutsogolo, ndipo atalitola anangoti ndikasinthe kalata ija n'kuitumizanso ku komiti.

Oyendera atafika, mmodzi wa iwo, injiniya, anafunsa za mahotela ndi masitima. Winayo anali mayi wachikulire amene anaphunzitsa ana a pulayimale moyo wawo wonse. Iwo anangopita pa tebulo la pangodya, lotalikirana kwambiri ndi windo, natulutsa pepala m'chikwama, nayamba kupinda. Tinawaonerera mpaka anamaliza. Kenaka anasisita tebulolo ndi chikhatho, nafunsa amene anasankha chipindachi. Apulofesa analoza ine.

Imelo yonena kuti atisankha inabwera patapita milungu ingapo. Pa zifukwa zimene anatchula, choyamba chinali matebulo.

Lamlungu lake ndinawauza amayi a chinkhoswe aja panja pa tchalitchi. Anandigwira dzanja nthawi yaitali, kenaka anafunsa kuti alendowo adzakhala angati. Nditawauza, anati ndiyambiretu, chifukwa mipando yochuluka chotero munthu saimaliza tsiku limodzi. Ndinayamba Lachiwiri kukhala pa mpando uliwonse m'holo ya mayeso ija, kuchokera mzere wakumbuyo.