Petulo amene ndinathira pa injini ya alamu anga

Alamu anga saonanso ndi diso lakumanja, ndipo wochititsa ndine. Ndakhala zaka ndikuuza anthu kuti inali ngozi chabe, koma lero ndinena mmene zinayendera, kuti inu owerenga musadzachite zimene ndinachita.

Nthawi imeneyo matipati anali atangobwera, ndipo ine ndinkakonza magalimoto pa Kamwendo, kuseri kwa magolosale. Ntchito ndinkaidziwa, koma mtima sunali pamalopo. Thiraki iliyonse yopita kumalire ikamadutsa ndinkasiya sipanala n'kuiperekeza ndi maso. Ndinkalakalaka ku Chipata, kumene ndinamva kuti amakaniko amalemekezeka. Dalaivala wina anandilonjeza kuti Lachisanu masana adzanditenga akandionetse kwa bwana wake. Chikwama ndinalongedza Lachitatu, ndipo masiku awiriwo ndinkangozungulira ngati nkhuku yofuna kuikira.

M'mawa wa Lachisanulo kunatulukira alamu anga, amuna a achemwali anga aakulu. Anali atangopuma pa uphunzitsi ku Guilleme n'kugula kapikapu kakale konyamulira mtedza wa alimi. Anadandaula kuti galimoto ikaima injini imanjenjemera n'kuzima, mabuleki akulimba ngati mwala, petulo nayenso akutha msanga. Nditatsegula boneti ndinamva kamluzu kapansipansi, ndipo ndinadziwa kuti injini ikuba mpweya penapake, kaya paipi yang'aluka, kaya gasiketi ya pansi pa kabureta yatha.

Njira yabwino ndinkaidziwa. Amene anandiphunzitsa ntchito ankati injini iyambe yazizira, kenako uyendere mapaipi onse ndi zala, imodziimodzi. Ukalephera, ulize injini, utenge kapaipi, mbali ina uike kukhutu, inayo uziiyendetsa mpaka mluzuwo ukule. Apo ayi, uwaze madzi a sopo n'kumvetsera pamene injini yasintha kaliridwe. Zonsezi zimafuna kudekha, ndipo tsiku limenelo ndinalibe.

Ndinatenga botolo lapulasitiki, ndinaboola chivindikiro ndi msomali n'kuthiramo petulo. Ukadonthetsa petulo pamene pakuba mpweya injini imakwera mawu, ndiye wapeza msanga. Koma injiniyo inali yotentha, itangochokera ku Guilleme, komanso ndinali nditaona kuti waya wina wa pulagi wasupuka. Ndinati ndiumata pambuyo.

Alamu anandifunsa mwaulemu, monga anthu akusukulu amachitira. “Kodi alamu, petulo pa injini yotentha chonchi, sizoopsa?”

Ndinaseka. Ndinawauza kuti iwo amadziwa choko, za injini andisiyire ine. Kenako ndinawapempha kuti awerame agwire waya wa faya, uja wokweza mphamvu ya injini, kuti isazime, ndipo amvetsere bwino, chifukwa pamsika panali phokoso.

Inu owerenga, apa ndi pamene sindinauzepo munthu. Ndili mkati mothira, kumsewu kunalira hutala ya thiraki. Ndinatembenuka kuti ndione ngati ndi dalaivala uja, dzanja lili chifinyire botolo. Sanali iye. Pobweza maso ndinangoona moto uli lawilawi, alamu atagwira kumaso, shati yawo yanayiloni ikuyaka. Ine ndinadumphira kumbuyo. Amene anawakuta ndi chitenje ndi mayi wina wogulitsa tomato, pamene anthu ena ankathira mchenga pa injini.

Kuchipatala kuboma achemwali anga sanandikalipire. Anangondifunsa ngati ndinkadziwa kuti moto ungabuke, ine ndinakana. Alamu ali m'mabandeji anawauza kuti asandivutitse, olakwa ndi iwo chifukwa anawerama kwambiri. Zoti anandichenjeza ine n'kuwaseka sanazitchule, mpaka lero.

Patapita masabata atatu ndinabwerera pagalimoto ija kukasintha mawaya opserera. Paipi yopita ku mabuleki, imene moto sunaikhudze n'komwe, inali yong'aluka kunsi. Zala zanga zinaupeza mng'aluwo ndisanatulutse n'thukuta lomwe. Ndinakhala pafumbi nthawi yaitali, paipiyo ili m'manja.

Ku Chipata ndinapitabe patsogolo pake, koma sindinakhalitse. Ndinakagwira ntchito ku Lilongwe, nakonso ndinachokako. Kulikonse fungo la petulo linkandikumbutsa tsiku lija, ndipo ndikaona munthu akuwerama pa injini yolira ndinkamukoka malaya. Alamu anagulitsa pikapu ija chifukwa sakanathanso kuyendetsa. Pano amalima chimanga, ndipo akafuna kuwerenga Baibulo amaliyandikitsa kunkhope, mutu atapendeka.

Chaka chatha ndinalimba mtima n'kuwauza achemwali kuti ndinawanamiza kuchipatala kuja. Anapitiriza kusenda mtedza osandiyang'ana. “Ndinkadziwa. Ndimangodikira kuti udzanene wekha.”

Choncho inu amakaniko anzanga, ngakhale inu eni magalimoto, injini ikamaba mpweya idikireni izizire. Yambani ndi maso ndi zala, kenako khutu ndi madzi a sopo. Petulo musamuyandikitse, ndipo waya wosupuka mukamuona konzani pomwepo. Ngati mtima wanu uli kale pamsewu, tsekani boneti mumuuze mwini galimoto abwere mawa. Ndipo munthu wosadziwa ntchito yanu akakufunsani ngati sizoopsa, musamuseke. Mwina pa awirinu amene akuona bwino ndi iyeyo.