Tsiku Limene a Kuramochi Anaonjezera Moto

A Kuramochi anakulira m'nthunzi. Bafa la anthu onse la mumsewu wa kudoko linali la bambo awo, ndipo iwo analilandira ndi ng'anjo yake yomwe. Dzuwa likapendeka, madoda a m'deralo ankafika ndi timatawulo tawo, n'kusamba, kenako n'kudzivika m'thamanda lotentha mpaka m'khosi, miseche ili pakamwa.

Akazi a a Kuramochi, a Tomie, anamwalira m'chilimwe china chotentha moipa. Anawapeza ali kwala m'khitchini masanasana. Adokotala anati n'kutentha basi. Kuyambira pamenepo a Kuramochi, munthu wodana ndi misonkhano, analowa m'kagulu kokana fakitale yatsopano ya magetsi a malasha, poti utsi wake umaonjezera kutentha kwa dziko. Pakhomo la bafa anamatapo chipepala chonena kuti kutentha kwa dziko kusakwere kupitirira digiri imodzi ndi theka, choitaniranso anthu ku msonkhano wa Lamlungu. Ankafunitsitsa kuti madodawo akapezekeko, makamaka a Hazama, mnzawo wa paubwana, chifukwa kumene a Hazama alowera, ena onse ankalowera komweko.

Tsoka lake, a Hazama ndiwo ankaseka kwambiri.

"Digiri imodzi ndi theka? Iwe Kuramochi, umasiye wakuzunguza mutu. Kanthu kameneko ndi mphaka yemwe sangakamve."

A Kuramochi zinawawawa zedi. Lachisanu atakoleza ng'anjo anaonjezera moto pang'ono, digiri imodzi ndi theka yomweyo, osauza munthu. Tisabise, kunali kulakwa. Madzi a mmenemo amakhala otentha kale, ndipo madodawo mitima yawo ndi yotopa.

Woyamba kuponyamo phazi analibweza msangamsanga. "Kodi lero mukufuna kutiphika, bambo?" Ena anangokhalamo pang'ono n'kutuluka ali psuu. A Hazama, pokhala munthu wamakani, sanasunthe, mpaka mutu unagwera pachifuwa. Anthu awiri anawavuula n'kuwagoneka pansi, a Kuramochi akuwathira madzi ozizira.

Mnzawoyo atatsitsimuka, a Kuramochi anagwada, chipumi pansi, n'kuulula zonse.

"Imodzi ndi theka yokha?" anafunsa a Hazama.

"Yokha."

A Hazama anayang'ana kudenga. "Muno ndiye mwandivuula. Nanga kunjaku atativuule ndani?"

Lamlungu a Hazama anafika kumsonkhano ndi madoda onse, n'kukhala kutsogolo. Analankhula bwino kuposa aliyense, moti achinyamata a kagulu kaja anangoti kakasi. Potuluka a Kuramochi anawathamangira.

"Mawa madzi akhala monga kale. Ubwere."

"Kumisonkhano uzindiona, sindidzajomba," anatero a Hazama, osakweza mawu. "Koma iwe unaseweretsa moyo wanga. Sindingavulenso malaya pakhomo pako."

Ndipo sanabwerenso. Anayamba kukwera basi kukasamba kutsidya kwa mtsinje.