Wezulo wa Kusikelo

A Marita a ku Khonjeni anayamba kuthyola tiyi asanabereke mwana woyamba. Lero ali ndi zidzukulu, koma dengu likadali kumsana, ndipo mawondo awo amalira ngati chitseko chakale. Chimene amachikonda pa dziko lino si nyama kapena chitenje chatsopano ayi, koma Loweruka masana, pamene amakhala pakhonde miyendo ili tambalale, osafuna kumva za munthu.

Chakudza sichiimba ng'oma. Chaka chatha esiteti ya tiyi yomwe amagwirako inalemba ntchito a Mervin ochokera ku Lilongwe kuti aziona za umoyo wa antchito. Bambowa anali atamva kumsonkhano wa kuhotela kuti Alomwe sachita nawo masewera olimbitsa thupi, ndipo zinawamvetsa chisoni zedi. Anayendera minda ali m'galimoto, magalasi atatseka, nadzionera okha kuti n'zoona. Panalibe ndi mmodzi yemwe wothamanga. Onse ankangokwera zitunda ndi madengu tsiku lonse.

Basi a Mervin analengeza mpikisano wothamanga, Loweruka masana. Kapitawo, woyang'anira othyola tiyi, anathirapo ndemanga yake: wosabwera asadzadabwe nyengo yochepetsa antchito ikafika.

A Marita anapita mtima ukuwawa, koma nzeru anali nayo. Anatsimikiza zokhala omalizira, kuti bwana aone okha kuti nkhalamba siphula kanthu, awasiye azipuma.

Tsoka lake, a Mervin anabwereka wezulo wa kapitawo, womwe uja woitanira anthu kusikelo kukayezetsa tiyi. Aliyense wothyola tiyi amaudziwa. Ukalira umathamanga, chifukwa wochedwa amaima pamzere padzuwa katundu ali kumsana. Wezulo atangolira, miyendo ya a Marita sinafunse mwini wake. Popanda dengu thupi linapepuka modabwitsa. Anadutsa atsikana, anadutsa akalaliki a muofesi ovala nsapato zodula, ndipo pamene ankakumbukira zimene anapangana ndi mtima wawo, anthu anali akuwaombera m'manja.

"Mayi, luso lonseli mumalibisa chifukwa chiyani?" anafunsa a Mervin, nkhope ikuwala. "Kuyambira lero ndinu kaputeni. Muzitsogolera anzanu Loweruka lililonse."

"Bwana, pepani, mawondowa anatha kale ine," anatero a Marita akupumira m'mwamba. "Lowerukali ndi lokhalo lomwe ndimakhalako pansi."

"Kukhala pansiko ndiye kukukupwetekani, mayi. Mankhwala ake ndi omwewa. Tiwonjezeranso Lamulungu mukaweruka kutchalitchi."

A Marita anayang'ana kapitawo kuti mwina awalankhulira, koma iye anali kalikiliki kupukuta wezulo wake. Apo m'pamene anadziwa kuti zatha, ndipo misozi inayamba kutsika yokha, anthu onse akuona.

A Mervin anakodola wojambula zithunzi kuti afulumire, chimwemwe chotere chisawapite.