Madrasa a M'chigafa cha Fodya

Makolo anga anachoka ku Machinga ndili wamng'ono kudzalima fodya pa esiteti ina kufupi ndi Madisi. Mabanja achisilamu tinalipo ochepa ndipo mzikiti unali kutali, moti madrasa athu ankachitikira m'chigafa, pansi pa fodya wopachikidwa.

Amwalimu athu analinso tenanti ngati bambo anga. Anali aatali, olankhula motsitsa, zala zawo zodetsedwa ndi utomoni wa fodya ngakhale asambe chotani. Tisanayambe kuphunzira ankayang'ana zikhadabo zathu, kenako n'kufunsa ngati tinawadzutsa makolo m'mawa. Ankati mwana ayambe wadziwa kukhala ndi anthu, zilembo zibwera pambuyo.

Ankatchula mzere umodzi wa Chiarabu, ife n'kubwereza mokweza mpaka utakhazikika pakamwa. Amene wagwira msanga ankapatsidwa mnzake wotsalira kuti amuthandize, ndipo palibe amene ankapita patsogolo mnzakeyo asanadziwe. Ndodo analibe. Pomaliza ankatanthauzira mawuwo m'Chiyao, kenako m'Chichewa, chifukwa enafe chinenero chakwathu chinali chitayamba kutithawa. Sankafuna kuti tizipemphera mawu amene sitikuwamva.

Chaka chimene boma latsopano linalengeza kuti pulayimale ndi yaulere, ana ambiri a pa esiteti anakhamukira kusukulu ya mpingo imene inali kuseri kwa phiri. Ine bambo anandiletsa. Ankakumbukira msuweni wawo amene anapita kusukulu ya mishoni kale n'kubwerako ndi dzina lina, osafunanso kuswali, kupemphera kwathu kwachisilamu.

Tsiku lina madzulo amwalimu anabwera kwathu. Anapeza bambo akusoka fodya pakhonde, nawo n'kukhala pansi kuyamba kuwathandiza. Ine ndinali kuseri kwa nyumba, khutu lili komweko.

"Mwana wanuyu mutu wake ndi wabwino," anatero amwalimu. "Bwanji mukumusunga pakhomo?"

"Akanditayira chipembedzo kumeneko. Komanso ndi wamkazi."

"Nzeru zonse mwini wake ndi mmodzi, achimwene. Amene analenga manambala ndi yemweyo amene timamugwadira. Ndipo udindo wofuna maphunziro sunasiye akazi kunja. Ine ndimupatsa zimene ndili nazo, koma masamu ndilibe."

Bambo anapitiriza kusoka, singano ikungoyenda. Kenako anati avomera pokhapokha wina atakalankhula ndi akusukuluko.

M'mawa mwake amwalimu anavala mkanjo wawo woyera n'kunditenga kupita kusukuluko. Ahedi anali mkulu wa mpingo, wonenepa, wokonda kuseka. Anatipatsa mipando, n'kumvetsera mpaka amwalimu atamaliza. Anagwirizana kuti dzina langa likhala lomwelo, mpango kumutu ndizivala, ndipo Lachisanu ana achisilamu tiziweruka msanga kuti tikapemphere. Potuluka ahedi anatiperekeza mpaka pamsewu, awiriwo akukambirana za mvula imene inachedwa chaka chimenecho.

Kuyambira pamenepo m'mawa ndinkakhala kusukulu, masana m'chigafa. Ana ena achisilamu ananditsatira. Amwalimu anawonjezera funso latsopano: "Lero mwaphunzira chiyani kuphiriko?" Tsiku lina ndinawafotokozera kuti madzi a m'dambo amakwera kumwamba ndi dzuwa, n'kusanduka mitambo, n'kugwanso ngati mvula. Anandiuza kuti ndibwereze pang'onopang'ono. Kenako anatitulutsa tonse panja, n'kutiloza mitambo imene inaunjikana cha ku Ntchisi.

"Mwamva mnzanuyu? Ndiye mukamaona mitambo muzidziwa njira yake, komanso muzithokoza amene anaikonza njirayo."

Tsiku limene ndinamaliza kuloweza gawo langa loyamba la Korani, mayi anaphika mpunga ndi nkhuku. Ndinalakatula pamaso pa anthu, amwalimu akungogwedeza mutu, milomo yawo ikutsatira mwakachetechete. Sindinalakwitse. Anzanga akusukulu, ana a Chikhristu, nawonso anabwera ndipo anadya nafe pamphasa imodzi. Bambo anandipatsa chiwindi cha nkhuku, chimene nthawi zonse chinkakhala chawo.

Patapita zaka zingapo amwalimu anabwerera kwawo ku Mangochi chifukwa maso anayamba kuwavuta. Madrasa anawasiya m'manja mwa mchimwene wanga wamkulu, ndipo ine ndinkathandiza ana aang'ono mpaka pamene ndinasankhidwa kupita kusekondale.