Kapepala ka m'Baibulo la amai

Ndine ndinayambitsa, sindikana. Ndinatenga kapepala m'kabuku ka kuchipatala ka mlongo wanga n'kukabisa m'Baibulo la amai, pa Masalimo.

Mlongo wangayo ali ndi mphumu kuyambila ali wakhanda. Mwezi uliwonse amai ankapita naye ku kiliniki ku Nyimba kukatenga kapampu kopopela m'kamwa. Atafika giledi teni, anesi anayamba zachilendo: "Amai, tadikilani panja pang'ono." M'katimo ankamufunsa za chifuwa, kenako za anyamata, poti mimba kwa mtsikana wobanika si maseŵela. Iye analibe chibwenzi n'komwe, koma kapepala ka njila zolelela analandila, kazithunzi zosabisa kanthu.

Lachinayi, pamsonkhano wa azimai kuchalichi, amai anapemphedwa kuŵelenga. Potsegula, kapepala kanagwela pamiyendo ya amai abusa. Ine ndinali pawindo. Mpaka lelo ndimaseka ndikakumbuka mmene amai abusawo anakanyamulila ndi zala ziŵili ngati khoswe wakufa.

Kunyumba kunalibe woseka.

"N'ka ndani aka?" anafunsa amai.

"Anandipatsa anesi," anayankha mlongo wanga.

"Ndiye chifukwa chake amanditulutsa? Ine kukupelekeza kuti uzipuma, iwo kukuphunzitsa uhule! Kumene kuja usadzapondekonso."

Ndinaulula kuti woika m'Baibulo ndine. Amai sanacheuke n'komwe. Kwa iwo mlandu unali kukhala nako.

Kapampu kanatha mu Okutobala, anthu akuotcha matchile, utsi ndi fumbi zili tolo. Atate anati adzapita naye ku Petauke akapeza mpata, kumene kulibe anesi amwano. Mlongo wanga ankapuma ngati wezulo yothyoka, ife tikudya, tikupemphela, tikudikila mpatawo. Unapezeka tsiku limene anagwa pachitsime milomo itada bii. Anagonekedwa m'chipatala ku Petaukeko masiku atatu. Mlongo wanga asanatulutsidwe, adokotala a kumeneko nawonso anapempha amai kuti ayambe atuluka. Anatuluka, osatsutsa. Koma kumupepesa mwana, ayi, mpaka pano.

Pobwela atate anafuna wom'patsa mlandu, ndipo wa ine mpata unapezeka tsiku lomwelo. Zikoti zinayi, ndi kukumba dzenje la zinyalala lofika m'chiuno. Ndinali nditavala makabudula aŵili, koma ndinalila mokweza kuti atatewo asakhumudwe. Dzenjelo ndinakumba ndikuimba nyimbo za kwaya. Ndinafukulamo mbeŵa zitatu zonona, ndinaotcha, sindinagaŵileko munthu.